Ku Braunstone Kulibe Sayirini

Amene mudzapeze kope ili mundikhululukire. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, zilembo zina zimandithawa, ndipo kuno ku Braunstone, kwa azungu, kukuzizira. Pamene pafufutika si misozi, ndi tiyi.

LOLEMBA

M'mawa. Mtima uli m'mwamba.

Akamwini anga, a Chikopa, anyamuka ndi chikwama. Ntchito yawo ili ku Loughborough, koma sabata ino kampani yawatuma kunyanja, kumene kuli malo opangira magetsi a nyukiliya. Akukachotsa masayirini akale n'kuika atsopano. Sayirini ndi chija chimalira pa ambulansi, koma awa ndi akuluakulu, okhala pamwamba pa mapolo. Akuti zinthu zikavuta pamalopo, poizoni wake saoneka, sanunkha, amangoyenda ndi mphepo. Ndiye sayirini imalira kuti anthu adziwe.

Chabwino. Nanga yathu ili pati?

Mkamwini sumufunsa mafunso ngati mnzako wa pa bawo. Ndadikira atuluke, ndafunsa mwana wanga Esinati. Akuti: "Ababa, kuno kulibe. Malowo ali kutali, ngati kuchoka ku Nchalo kukafika ku Balaka."

Kutali! Mphepo imadikira basi? Imaonetsa chiphaso?

Ine ndakhala mlonda pa sukulu ya pulaimale kwathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Belu lathu linali limu ya galimoto, yopachika pa mtengo wa mango. Chaka chimene madzi anasefukira, ndine ndinaimenya mpaka manja kutupa. Mudzi wonse unathamangira kumtunda. Mbuzi zinapita, anthu ayi. Ndipo madzi amenewo anachokeranso kutali. Kwathu mvula sinagwe n'komwe.

Masana. Esinati ndi nesi, amachoka m'mawa kubwera madzulo. M'nyumba timatsala awiri, ine ndi mdzukulu wanga Tamanda, wa zaka zitatu. Anandiitanitsa kuchokera kumudzi chifukwa cha mwanayu. Ndiye zikavuta, adzandiuza ndani?

Akuti boma limatumiza uthenga pa foni. Foni yanga ndi ya mabatani, ndipo akuti ya mabatani silandira. Ikanalandiranso, uthengawo ndi wa Chingerezi. Imfa idzandipeza ndili pa chilembo chachitatu.

Zofunika:
1. Sayirini.
2. Ikakanika, limu.
3. Komiti.
4. Malo okwera othawirako.
5. Esinati asadziwe nambala 2, 3 ndi 4.

Madzulo. Esinati wandiyang'ana nthawi yaitali. "Ababa, nkhope imeneyo ndikuidziwa. Mukayamba zanu zija, Tamanda ndikamupezera malo ku sukulu ya nazale."

Zanga ziti? Kupulumutsa anthu?

LACHIWIRI

Ndamutuma Esinati kuti awaimbire akamwini. Popeza masayirini akalewo akuchotsa, atibweretsereko imodzi, ngakhale yosasa mawu. Ndiikhazika ndekha pa denga la shedi, kanyumba kosungira zida kuseri.

Yankho labwera: ndi katundu wa kampani. Ndiponso akuti imodzi ndi yolemera ngati ng'ombe, amainyamula ndi makina.

Taonani! Kwathu mkamwini akamagwira ntchito ku butchala, apongozi ake sasowa mafupa. Awa akugwira ntchito ya masayirini, anthu osawadziwa a kunyanja akulandira atsopano, mwana wawo wobereka okha alibe ngakhale wakale. Sindikunena kanthu. Ndikungolemba.

Nambala 1 yafa. Nambala 2.

Masana. Takwera basi ndi Tamanda mpaka pa galaja ya matayala ya pa msewu waukulu. Mwini wake ndi bambo wandevu, wansangala. Ndaloza mulu wa malimu akale. Ndawagogoda ndi kiyi imodzi imodzi kuti ndimve mawu. Ambiri ndi opepuka, onyezimira, amalira ngati mbale ya mwana. Dziko lolemera chonchi, chitsulo chabodza! Pansi penipeni ndapeza yakuda, yadzimbiri. Ngwee! Mpaka m'mano. Imeneyo.

Bamboyo wangondipatsa. Akuseka, akutembenuza dzanja ngati munthu wowotcha nyama, akunyambita milomo. Akuganiza kuti ndikufuna mbaula. Ndamusiya. Tsiku likadzafika adzandithokoza.

Kunyamula kwake ndiye nkhani. Limu ndaigoneka m'chikuku cha Tamanda, ndaifunditsa bulangete kuti anthu asafunse. Tamanda wayenda wapansi, akudandaula m'Chingerezi. M'basi mayi wina wachizungu waweramira m'chikuku akumwetulira, wavundukula bulangete kuti aone khanda. Wabwezera bulangete pang'onopang'ono. Wangoyang'ana pa zenera mpaka pa siteji yake.

Limu ili mu shedi, kuseri kwa makina otchetchera udzu. Tamanda ndamuuza kuti ndi chinsinsi. Wavomera. Ndamumva akuuza chidole chake.

LACHITATU

Belu sumangoliimba osauza anthu. Ayenera kudziwa kuti likalira atuluke, ndipo athamangire kuti. Ndafunsa Esinati mozungulira kuti wamkulu wa msewu uno ndani. Akuti palibe. Nyumba zonsezi, wamkulu palibe! Maliro akachitika amauza ndani?

Ndiye ndayenda ndekha khomo ndi khomo, Tamanda padzanja. Ndajambula chithunzi pa katoni: nyumba yotulutsa utsi, mphepo, anthu akuthamanga, limu.

Zotsatira:
Nyumba yoyamba, sanatsegule. Katani yagwedezeka. Ndakuonani, mayi!
Yachiwiri, mnyamata watsegula, wayang'ana m'manja mwanga ngati muli katundu wake, watseka.
Yachitatu, galu.
Yachinayi, agogo ena aakazi ayang'ana chithunzi, aona utsi ndi anthu othawa, anena kuti ali kale ndi tchalitchi chawo.
Yachisanu ndi ya mayi Tembo, a ku Zambia, amene amasamalira okalamba. Amenewa tikanamvana. Koma amagwira ntchito usiku, masana amagona. Ndagogoda kanayi, zii.

Mmodzi yekha ndiye munthu: a Kolini, mzungu wachikulire amene nyumba yake ndi yathu zagawana khoma limodzi. Aima pakhomo ndi kapu ya tiyi, ayang'ana chithunzi mofatsa. Ndawaonetsa ndi manja. Ndaloza utsi, ndaloza iwo, ndagogoda khoma katatu: go, go, go. Ndiye kuti iwo akamva za ngozi pa wailesi, popeza Chingerezi ndi chawo, agogode katatu, ine ndimva. Ndabwereza kawiri. Agwedeza mutu. Akuti: "Lavuli, lavuli." Tamanda akuti ndiye kuti zili bwino.

Komiti: wapampando ine, wachiwiri a Kolini. Mlembi inenso.

Madzulo. Nambala 4. Ndayenda kufuna malo okwera. Dziko lino ndi lathyathyathya ngati mphasa. Ku paki kokha ndiko kuli kachitunda pafupi ndi mitengo ikuluikulu. Chulu cha kuseri kwa sukulu yathu chikhoza kukaseka. Koma wopempha sasankha.

Chikwama chothawira:
Tochi.
Madzi.
Mabisiketi.
Nsomba za m'chitini ziwiri. Chotsegulira sindikuchiona.
Pasipoti.
Baibulo.
Ambulera.
Wezulo yanga ya ulonda.

LACHINAYI

Kuseri kwa nyumba kulibe mtengo. Nyumba yopanda mtengo! Kuli chitsulo choyanikira zovala chokha, chija chonga ambulera yopanda nsalu. Ndapachikapo limu.

Chaweramira pansi ngati munthu wolandira alendo, kenako chagona. Mayunifomu awiri a Esinati m'matope.

Ndachapa. Ndawongola chitsulo ndi bondo. Chaima, koma chikuyang'ana kwa a Kolini.

Limu ndaipachika pa mzati wa mpanda ndi lamba wanga. Buluku ndamanga ndi chingwe.

11 koloko. Kuyesa. Akamwini amanena kuti masayirini awo amawayesa, ndiye ine ndilekerenji? Tamanda ndamutseka makutu ndi chipewa. Hamala m'manja.

Ngwee! Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Mawu ake, abale! Ndamva ngati ndili kwathu. Ndamenya mphindi zisanu zathunthu, kenako ndathamangira kutsogolo kukawerenga anthu.

Otuluka: palibe.

Ndikubwereza, PALIBE.

Zimene ndaona ndi maso angawa: zenera la nyumba yoyamba, phaa, latsekedwa. La yachiwiri, phaa. Makatani akukokedwa msewu wonse. Mayi wina amene anali panja ndi mwana walowa msangamsanga n'kukhoma chitseko. Galu wauwa. Nkhunda zokha ndizo zathawa, ndipo zathawira kolakwika.

Anthu otani awa? Kwathu limu ikalira nthawi yosakhala ya sukulu, ngakhale wodwala amatuluka ndi ndodo. Ngakhale amene munayambana dzulo amabwera ndi ndowa, kuti mwina ndi moto. Kuno munthu ukukuwa, iwo akutseka mawindo!

Patapita kanthawi watuluka mmodzi. Mayi Tembo. Chitenje, jekete, maso ofiira. Ndasangalala, ndatsegula kope kuti ndiwalembe. Akuti: "Imwe atate, mwafunta? Nabwela seveni koloko, nifuna kugona! Mukamenya futi ico cinsimbi, nizacitaya mu bini pamodzi na imwe!"

Ndawaonetsa chithunzi. Akuti: "Iyo nyukiliya ikabwela munisiye nigone."

Mwana wa ku Africa kuyankhula choncho! Dziko lino limawononga anthu.

Madzulo. Esinati waima pa zenera la kukhitchini. "Chitsulo choyanikira chija chatani?" Ndati mphepo. "Nanga lamba wanu ali kuti?" Ndapita kukasamba.

LACHISANU

M'mawa. Limu sindiigwira lero, kuopa mayi Tembo. Tiphunzira wezulo m'nyumba, mawindo otseka. Tamanda ayenera kudziwa kuitana anthu ngati ine nditagwa.

Waphunzira msanga. Ndi magazi anga ameneyu. Vuto ndi loti sakufuna kusiya. Akuimba pa masitepe, akuimba m'bafa, akumenya chivundikiro cha poto ndi supuni kuti nayenso ali ndi limu yake. Ndikumusiya. Mlonda sabadwa, amachita kuphunzira.

Madzulo. Ndikulemba ndili m'chipinda, chitseko chotseka. Palibe akundiyankhula.

Zayenda chonchi.

Cha m'ma 1 koloko, Tamanda ali pakati pa wezulo, ndamva khoma. Go. Go. Go.

Katatu. Kuchokera kwa a Kolini.

Ndamulanda mwana wezulo, ndamvetsera. Kachiwiri: go, go, go! Mwamphamvu kuposa poyamba.

Ndiye kuti zachitika. Akamwini achotsa akale, atsopano sanamalize kulumikiza, ndipo zavuta tsiku lomwelo. Ndinanena ine!

Sindinaganize kawiri. Mwana kumsana, ndamanga ndi chitenje cha amayi ake. Chikwama paphewa. Pakhomo pa a Kolini ndagogoda kamodzi, ndakuwa kuti tiyeni, sindinadikire. Kwa mayi Tembo ndaimba wezulo pa kabowo ka makalata. Kaya andida, bola ali moyo.

Ndathamanga. Munthu wa zaka zanga, buluku la chingwe, kamvula kakuwaza. Pa kachitunda ka ku paki ndafika mtima ukugunda m'makutu.

Ndayang'ana uku ndi uku. Palibe wina wothawa. Bambo wina akuponyera galu wake mpira. Ndamuchenjeza, ndaloza kumwamba, ndaloza mphepo. Wayang'ana mitambo, wagwedeza mutu, akuti inde, nyengo yoipa.

Takhala pansi pa ambulera. Tamanda ali ndi nsapato imodzi. Phazi linalo ndalikulunga ndi chipewa changa. Tadya mabisiketi onse. Nsomba sizinatseguke. Mwanayo akusangalala, akuti tibwerenso mawa. Ine ndikununkhiza mphepo, kenako ndikukumbukira kuti poizoni wake sanunkha. Ndiye ndikununkhiziranji? Ndapemphera. Ndamuuza Mulungu kuti ngati pafunika mmodzi, ine zanga ndinadya kale.

Maola awiri.

Kenako ndaona anthu atatu akukwera. Esinati mu yunifomu, akuthamanga. Mayi Tembo. Kumbuyo a Kolini ndi ndodo, akupuma movutika.

Akuti Esinati anaweruka msanga. Wapeza chitseko chili pululu, foni yanga pa tebulo, kansapato kamodzi pakhomo, mwana palibe. Anali atagwira kale foni kuti aimbire apolisi pamene mayi Tembo anamuuza kumene ndalowera.

Ndimayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe. Wamasula chitenje, wamuchotsa mwana kumsana kwanga, wamukumbatira, akulira osatulutsa mawu. Watsika naye osandiyang'ana.

Bola akanakalipa.

Mayi Tembo anditengera chikwama. Akuti: "Atate, tiyeni. Mwanyowa."

LOWERUKA

Akamwini abwera. Mlandu pabalaza, 10 koloko.

Choyamba, a Kolini. Esinati wapita kukawafunsa. Akuti sanamve za ngozi iliyonse. Amafuna kugona pang'ono atadya, wezulo inawalowa m'mutu. Akuti kuno munthu akagogoda khoma ndiye kuti chepetsani phokoso. Ndipo Lachitatu lija ankaganiza kuti ndikuwapatsa chilolezo, kuti mwana akasokosa azigogoda. N'chifukwa chake anati lavuli.

Wachiwiri kwa wapampando! Munthu woti ndinamulemba m'kope!

Chachiwiri, akamwini. Akhala pa mpando wa pakona, ine wa pakhomo, Esinati pakati. Ulemu ali nawo, sindingawanamizire. Akuyang'ana pansi, akuyankhula ndi mkazi wawo ngati ine ndili ku Malawi.

"Uwauze bambo kuti ntchito yayenda bwino. Sitichotsa yakale yatsopano isanalire."

Esinati wandiuza. Ndamva kale, koma ndadikira.

"Uwauzenso kuti sayirini imene ija ikalira, anthu sathawira panja. Amalowa m'nyumba. Amatseka zitseko ndi mawindo, n'kutsegula wailesi. Poizoniyo ali mu mphepo. Malo oipitsitsa ndi pabwalo, pamtunda."

Esinati sanabwereze. Wangondiyang'ana.

Ndafunsa, kudzera mwa Esinati, ngati ndamva bwino. Belu lilire, anthu alowe?

"Eya, bambo." Apa ayankha okha.

Ndiye kuti Lachinayi lija, mayi wokhoma chitseko uja anakhoza. Otseka mawindo anakhoza. Okoka makatani anakhoza. Msewu wonse wa anthu osamva, osapereka moni, unakhoza mayeso anga osadziwa n'komwe kuti ndi mayeso. Mayi Tembo amene amafuna kugona, nawonso anakhoza. Wolephera ndi mmodzi: wapampando. Ndinatenga mwana m'nyumba yabwinobwino n'kukamuika pamwamba kuti mphepo imupeze bwino.

Koma inenso ndifunse. Chenjezo lotani loti munthu akhale pansi? Chiyambire dziko, madzi akabwera umakwera, moto ukabwera umatuluka, njovu ikabwera umathamanga. Apanga chinthu choti ukachithawa ndiye wachipeza! Ndipo sabata yonse palibe anandiuza. Akuti sindinafunse. Ndikanafunsa bwanji, munthu ndi mkamwini?

Izi sindinanene. Ndati zikomo.

Tamanda akuyetsemula. Kamodzi, kawiri. Nthawi iliyonse akayetsemula, Esinati akuyang'ana ine.

Chigamulo: kuyambira Lolemba likudzali, nazale masiku atatu pa sabata. Ine Lachiwiri ndi Lachinayi basi, ndipo osapitirira pa geti popanda kuimba foni. Wezulo yalandidwa. Hamala yakwera pamwamba pa kabati.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, sindinataye ngakhale desiki imodzi ya sukulu. Lero ndine mlonda wa masiku awiri.

LAMULUNGU

Kutchalitchi nkhani yafika kale. Mayi wina wa kwaya akuti: "Agogo, tamva munakwera phiri." Phiri lake liti? Ndangoti Ambuye akudalitseni.

Masana. Akamwini akuti tiyenera kupepesa aneba. Atenga limu yanga. Aikhazika pa njerwa zitatu, athiramo makala, aikapo waya. Nyama, soseji, chimanga. Bambo wandevu wa ku galaja uja anali mneneri.

Ndapatsidwa lamba wanga.

Abwera a Kolini ndi mayi Tembo. Nyumba yachitatu yatumiza galu, kudzera pa mpanda. Mayi Tembo akuti limu yapeza ntchito yake yeniyeni. Onse aseka. Nyamayo ndadya, sindinama, inapsa bwino. Chitsulo chabwino ndi chabwino.

A Kolini andigwira dzanja, ayankhula zambiri. Esinati wamasulira. Akuti chinthu chikadzachitikadi, sadzagogoda khoma, adzabwera pakhomo ndi miyendo yawo. Ndathokoza. Kenako ndaona akuchotsa timakina tiwiri tothandiza kumva m'makutu n'kutiika m'thumba la malaya. Akuti masana amatichotsa kuti apume, chiyambire Lachisanu lija. Ndiye wailesiyo adzaimva ndi chiyani?

Esinati wandipatsa foni yake yakale, yopanda mabatani, yopalasa ndi chala. Akuti iyi uthenga wa boma imalandira, ndipo imalira mokweza. Waiika m'manja mwanga, wagwira manjawo kanthawi. "Ababa, ndikudziwa chimene mumathawitsa mwana. Koma mukadzamva chilichonse, yambani mwandiimbira." Ndavomera. Ndayesa kupalasa, yandijambula mphuno.

Tamanda wasiya kuyetsemula. Wabwera ndi kachikwama kake ka ku nazale kudzandionetsa. Waikamo chidole, mabisiketi, ndi tochi yanga. Akuti mwina kukachitika ngozi. Sindinamuuze amayi ake.

Zotsala:

Ku Braunstone kulibe sayirini, ndipo palibe akufuna kuikako.
Uthenga wa pa foni udzabwera m'Chingerezi. Womasulira wanga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu adzakhala ali ku nazale.
Ku nazaleko sindikudziwa ngati mawindo ake amatsekeka bwino. Akuti ndisapiteko kukaona.
Chotsegulira nsomba sichinapezeke.
Ndipo chikadzalira chilichonse, mutu ukudziwa tsopano kuti ndilowe m'nyumba. Miyendo sinavomere.